Mutu 9: Lonjezo la Ijja pa Khwawa la Akhwangwala

1. Tsiku lobweza matabwa

Chipale chofewa cha kumapiri kwathu ku Oukaïmeden sichitsanzika. Lero uchiona chili mbee mpaka pakhomo, mawa udzuka n'kupeza matope okhaokha, madzi akuthamanga m'ngalande za msewu. Chaka chimenecho ndiye chinachita kunyanya. Mwezi wa Malichi usanafike pakati, mipando ya pachingwe yokwezera anthu kuphiri inali itaima kale, ndipo ogulitsa uchi anali atayamba kumanga katundu wawo.

Ana a kalabu yathu ya masewera otsetsereka pa chipale amadziwa tanthauzo la matope amenewa. Ndiye kuti tsiku lobweza matabwa lafika.

Mwambo wake ndi wakale. Chipale choyamba chikagwa, mwana aliyense amabwerekedwa matabwa otsetserekera. Amaika dzanja pa matabwawo n'kunena pamaso pa anzake chimene akufuna kukwanitsa nyengo isanathe. Salemba paliponse, amene amva ndiwo amasunga. Chipale chikamatha, onse amakhala bwalo kunja kwa nyumba ya kalabu, mphika wa ndiwo zotchedwa tajini ukuwira pamakala, ndipo aliyense amaimirira n'kuyankha funso limodzi: wakwanitsa kapena ayi?

Ijja anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wamiyendo yolimba koma wapakamwa pothamanga. Tsiku la malonjezo, anzake ananena zinthu zoti munthu n'kuzinyamula. Wina anati adzasiya kugwa pokhota. Wina anati adzaphunzira kuima osakhala pansi. Koma Ijja, ataona anyamata akumuyang'ana, anakweza chibwano n'kunena kuti, "Ine ndidzatsika Khwawa la Akhwangwala, kuchokera pamwamba penipeni."

Anyamata anaimba likhweru. Abale, pakamwa!

Khwawa limenelo ndi lopapatiza, lotsetsereka koopsa, miyala yakuda mbali zonse. Ijja anakwerako kangapo m'nyengoyo, n'kusuzumira, n'kubwerera. Tsiku lina akuti mphepo. Tsiku lina akuti dzanja likupweteka. Zifukwa sizisowa munthu akamaopa.

Tsono vuto linali ili. Chaka chimenechi chinali chomaliza kwa Ijja m'gulu la ana. Mphunzitsi wa kalabu, a Lalla Touda, anali atanena kuti m'timu ya mipikisano mwatsala malo amodzi okha a mtsikana. Wosankhidwa amapita ndi matabwa kwawo n'kudzapitiriza chaka chamawa. Wotsala amawapachika pakhoma, ndipo zake zathera pomwepo.

2. Pakamwa pa Hammou

M'mawa wa tsikulo Ijja anali pakhonde la kalabu akupukuta nsapato zake zotsetserekera. Pambali pake panali Rqia, mnzake wa ponda apa nane mpondepo, mtsikana wofatsa amene sankakonda zolankhulalankhula.

Kenako anatulukira Hammou, mnyamata wa jekete lofiira, akutafuna buledi wa balere.

"Moni kwa mfumukazi ya akhwangwala!" anatero akugwada mwachipongwe. "Akhwangwala akufunsatu kumtundaku. Akuti mlendo wathu uja afika liti, tiyi wazizira."

"Tafuna buledi wako, Hammou," anatero Rqia. "Ungatsamwe."

"Ine n'tsamwe? Wotsamwa timuona madzulo ano pabwalo. Ijja, wakonza kale chifukwa? Ndikubwereke changa? Unene kuti mbuzi inadya chipale."

Anyamata ena anafa nalo phwete. Ijja anakweza maso kuphiri, ndipo kamzere koyera ka chipale cha m'khwawa lija kanali kakuonekabe pakati pa miyala.

"Bwalo likhala nthawi yanji?" anafunsa.

"Tikapemphera swala ya madzulo," anatero Rqia. Atayang'ana kumene mnzakeyo ankayang'ana, anagwira pakamwa. "Ijja, ayi. Usayerekeze."

"Nyengo sinathe mpaka bwalo litakhala. Ndikufuna mboni. Ubwera kapena nditenge Hammou?"

Rqia anapuma mozama, n'kutola ndodo zake zotsetserekera. Sakanamusiya yekha.

3. Mawu a amalume

Njira yokwera kuphiri imadutsa pamene eni nyulu amadikirira alendo. Pamenepo panali a Bihi, amalume ake a Ijja, atafunda mkanjo wawo waubweya, akudyetsa nyulu yawo udzu wouma. Ataona matabwa paphewa pa atsikanawo, anasiya udzu.

"Ulendo wa kuti dzuwa lili pamutu chonchi?"

"Kungoyendako, amalume."

"Kungoyendako ndi matabwa? Iwe mwana wa mlongo wanga, ndinakuona tsiku lomwe unabadwa. Khala pamwala apo. Nawenso Rqia, khala."

Anakhala. A Bihi anapukuta manja pa mkanjo n'kuyamba.

"Tamverani ana inu. Chipale cha Malichi si chimene munkasewerapo mu Januwale. M'mamawa chimakhala gwa, chikhoza kunyamula ngakhale nyulu yangayi. Koma dzuwa likafika pamutu chimayamba kuola, ndipo chimayambira pansi. Miyala imatentha n'kumachidya mwakachetechete. Madzi amayenda kunsi, pamwamba pali posalala, poyera, pokongola. Iwe ukubwera ndi liwiro, thabwa lako n'kulowa m'dzenje n'kuima nji. Thabwa laima, koma thupi lako silinauzidwe, likupitabe. Pakati pa ziwirizo pali bondo lako.

"Mukudziwa ntchito ya nyulu imeneyi m'mwezi uno? Si kukweza alendo ayi. Ndi kutsitsa othyoka. Ndatsitsapo ana a sukulu, ndatsitsapo azibambo a ndevu zawo, ndatsitsapo ngakhale akatswiri ochokera kunja. Akamalira pamsana pa nyulu onse amanena mawu amodzimodzi: 'Ndimangofuna kamodzi komaliza.' Sindinamvepo wina akunena kuti sankadziwa. Onse ankadziwa, koma kumunsi kunali anthu owayang'ana.

"Sindikumanga chingwe, Ijja, wakula. Koma ukafika pamwambapo uchite chinthu chimodzi. Usanamange nsapato, utembenuze ndodo yako, ubaye chipale ndi kuchigwiriro. Ikakana kulowa, zili ndi iwe. Ikalowa yokha mpaka dzanja lako litakhudza chipale, utchere khutu. Ukamva madzi, unyamule matabwa ako utsike wapansi. Anzako adzaseka, inde. Kusekedwa kumawawa, ine sindikana. Koma sindinaonepo munthu atamangidwa chikhakha chifukwa chosekedwa."

"Tamva, a Bihi," anatero Rqia mwaulemu.

Ijja anapsompsona dzanja la amalume ake monga mwa mwambo, n'kunyamula matabwa. A Bihi anawayang'ana mpaka anakhota, kenako anamangitsa chishalo cha nyulu, kuti mwina ifunika.

4. Pamwamba

Kukwera phiri ndi nsapato zolimba zija si masewera. Anafika pamwamba thukuta lili kamukamu, akhwangwala a milomo yachikasu akuzungulira pamitu pawo.

Khwawa linali pamapazi awo, loyera, losalala ngati nsalu yosita. Ijja anaika matabwa pansi, n'kulowetsa phazi limodzi.

"Ndodo," anatero Rqia.

"Amalume amakokomeza zinthu."

"Ndodo, Ijja. Ukapanda kubaya, ine si mboni yako."

Ijja anatembenuza ndodo mokwiya n'kubaya. Inalowa yokha, phwii, mpaka dzanja lake linamira m'chipale chonyowa. Atayizula, anagwada n'kuika khutu pa bowolo. Pansi pake madzi ankayenda chubwichubwi.

Rqia anatola mwala waukulu n'kuuponya pakati pa khwawa. Mwalawo sunagubuduke. Unangoboola n'kuzimirira, n'kusiya dzenje lakuda.

Kenako Ijja anawerama, n'kumasula phazi lake. Misozi inali ikutsika, ndipo sanaibise.

"Zatha basi," anatero. "Nyengo yonse yapita pachabe."

Anayamba kutsika wapansi m'mbali mwa khwawa, akugwirira miyala. Cha kumunsi kuli thanthwe lalikulu limene limabisa khwawalo kwa anthu a pakalabu. Kuchokera pathanthwepo mpaka pansi, malo ndi otambalala, osatsetsereka kwambiri, ndipo chipale chake chinali chidakali cholimbako chifukwa cha mthunzi. Atafika pamenepo, Rqia anamugwira mkono.

"Ima kaye. Kumunsi kuja saona za kuseri kwa thanthweli."

"Ndiye?"

"Ndiye umange matabwa pompano. Utulukire ukutsetsereka, manja m'mwamba. Aona iwe ukuchokera m'khwawa, basi. Mboni ndi ine. Akandifunsa ndinena kuti watsika."

"Iwe Rqia, unayamba wanamapo?"

"Ndiyamba lero. Sindikufuna kukuona ukupachika matabwa pakhoma."

Ijja anasuzumira kuseri kwa thanthwe. Kumunsi kunkaoneka utsi wa makala, ndi kadontho kofiira kakudumphadumpha, jekete la Hammou. Anaika matabwa pa chipale. Analowetsa phazi lamanja, chomangira n'kulira kha. Anakweza lamanzere.

Phazilo linakhala m'malere kanthawi ndithu.

"Nanga chaka chamawa?" anafunsa.

"Chatani chaka chamawa?"

"Akandisankha chifukwa cha khwawali, chipale chikadzagwa adzandiimika pamwamba paja, timu yonse ili kumbuyo kwanga. Adzati, Ijja, tsogola, iwe ukulidziwa. Ndidzati chiyani? Ndipo iwe udzakhala ukundiyang'ana, ukudziwa."



Ijja anamasula chomangira, n'kumanga matabwa ake pamodzi, n'kuwaika paphewa. Anatulukira kuseri kwa thanthwe akuyenda wapansi, poyera, aliyense akuona.

5. Pabwalo

Likhweru la Hammou linawachingamira adakali patali.

"Taonani zodabwitsa! Kwathu kuno matabwa ndiwo amanyamula munthu. Uyu wabwera ndi njira yatsopano!"

Ijja anadutsa osatembenuka. A Bihi, amene anali atafika ndi nyulu yawo mpaka pamphepete pa chipale, anangoyang'ana mawondo a mwana wa mlongo wawo, onse awiri ali bwinobwino. Anatembenuza nyulu n'kubwerera.

Atapemphera, onse anakhala bwalo. A Lalla Touda anakhala pampando wawo wa pulasitiki, kapu ya tiyi ili m'manja. Anali mayi wamfupi wa maso akuthwa, amene paubwana wawo anapikisanapo ndi anyamata n'kuwasiya kumbuyo. Ankaitana mwana mmodzimmodzi.

Hammou anali atalonjeza kudumpha kachulu ka chipale osagwa, ndipo anakwanitsa, anzake anavomereza. Rqia anali atalonjeza kudutsa pakati pa mitengo yonse yozikidwa m'njira ya mpikisano osaphonya ngakhale umodzi. Nayenso anakwanitsa.

"Ijja."

Anaimirira.

"Ndinalonjeza kutsika Khwawa la Akhwangwala. Sindinakwanitse. M'nyengo ya chipale chabwino ndinkaopa. Lero mantha anachepa, koma chipale chaola."

Anawerama kuti akhale, koma a Lalla Touda anakweza chala.

"Ndani wakuuza kuti ukhale? Funso silinathe. Miyezi yonseyi umadya tajini ya kalabu, umatani? Ana inu, ndinu osunga. Chipale choyamba chitagwa, Ijja ankakhota bwanji kumanzere?"

"Sankakhota!" anafuula wina. "Ankangopita mpaka akagunde mpanda!"

Onse anaseka, ngakhale Ijja yemwe.

"Nanga pofuna kuima?"

"Ankakhala pansi, phwata!"

"Lero amatero?"

"Ayi, Lalla. Amaima chammbali, chipale n'kuwaza anthu kumaso."

"Hammou," anatero mphunzitsiyo. "Tsiku lija kunaundana ngati galasi, pamene ambiri munkatsika ndi matako, ndani anafika pansi woyamba?"

Hammou anakanda m'mutu. "Dzuwa linkandithobwa m'maso tsiku limenelo, Lalla."

"Sindinafunse za dzuwa."

"Ijja," anatero chapansipansi.

Ijja anayang'ana anzakewo modabwa. Iye maso ake onse anali pa khwawa nyengo yonse, moti zonsezi sanaziwerengere n'komwe. Chimwemwe chinamulowa mumtima, chosakanikirana ndi manyazi.

A Lalla Touda anaika kapu pansi.

"Mvetserani nonse, chifukwa chaka chamawa mudzaikanso manja pa matabwa. Lonjezo la Ijja linali loipa kuyambira tsiku loyamba. Sanalonjeze miyendo yake, analonjeza makutu a anyamata. Ndinamva likhweru lija, ndipo ndinadziwa kuti mwanayu wadzimangirira mwala m'khosi. Khwawa lija silitsikidwa chifukwa munthu wafuna. Limafuna chipale chokwanira, mphepo itagona, ndi miyendo imene yakhota kambirimbiri pamalo osavuta. Ziwiri mwa zimenezi si zanu, ndi za Mulungu. Mukamalonjeza, lonjezani chimene chili m'manja mwanu. Nenani kuti ndidzadzuka m'mamawa, ndidzakonza mwendo wanga wofooka, ndidzagwa n'kudzuka. Zimenezo mukhoza kuchita kaya chipale chachuluka kaya chachepa. Ndipo nyengo ikatha, musamangoyang'ana chimene chakukanikani. Yang'ananinso kumene mwachokera. Munthu wosadziwa chimene waphunzira amataya mtima msanga, n'kukachita zopusa tsiku lomaliza."

Anatembenukira kwa Ijja.

"Wachita bwino kutsika wapansi, ndipo wachita bwino kunena zoona. Koma usaganize kuti ndikupatsa malo chifukwa cha zimenezo. M'timu sitipikisana kunena zoona, timapikisana liwiro. Ukanatsika khwawa lija m'nyengo yake, malo akanakhala ako popanda kukambirana. Sunatsike."

Ijja anatola matabwa ake n'kuyamba kulunjika kukhoma.

6. Malo amodzi

"Koma mwana uyu ndi liwiro lake! Ukupita kuti?" anatero a Lalla Touda. "Ndati upachike?"

Ijja anaima.

"Kuseri kwa nyumba ino kwatsala kamzere ka chipale kumene dzuwa silifika. Kumwamba kulibe mtambo, ndiye kuti pofika m'mawa kakhala kataundana. Ndikazika mitengo kusanatenthe. Atsikana awiri atsika, ndipo wofika msanga atenga matabwa kupita nawo kwawo. Mmodzi ndiwe."

"Winayo ndani, Lalla?"

"Amene anakhala pambali pako. Rqia."

Bwalo linachita phokoso. Hammou anali atayamba kale kufunsa anzake kuti aima mbali ya yani. Koma Ijja sanamve chilichonse. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mnzake, amene anali kalikiliki kuthyola buledi ngati nkhaniyo si yake.

Anthu atayamba kudya, Ijja anamukokera kuseri kwa khomo.

"Unkadziwa?"

"Anandiuza sabata yatha kuti zili pakati pa iwe ndi ine."

"Ndiye pathanthwe paja? Ndikanamanga matabwa aja, malo ako akanapita!"

"Ndikudziwa."

"Ndiwe wamisala, Rqia!"

"Mwina. Iwe umachikonda chipale kuposa ine, ndinkaona choncho." Rqia anapukuta m'maso ndi mpango wake. "Koma pamene unanyamula matabwa paphewa paja, mtima wanga unati myaa. Ndipamene ndinadziwa kuti nanenso malowo ndikuwafuna. Ndikuwafuna kwambiri, Ijja."

Ijja anamukumbatira mwamphamvu. Onse awiri ankalira, onse awiri ankaseka.

Kenako Rqia anadzimasula, n'kupisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa tupa. Anamuikira mnzakeyo m'manja.

"Yamba ndiwe. Nola m'mbali mwa matabwa akowo, abuntha ngati mpeni wa agogo. Sindikufuna kuti mawa udzanamizire zida."

"Ndipo iwe usayerekeze kundisiyira dala. Ukatero sindidzakulankhulanso mpaka imfa."

Rqia anamuyang'ana m'maso, kufatsa konse kuja kutachoka.

"Kukusiyira? Mwayi umenewo unautaya wekha pathanthwe paja. Mawa ubwere ndi miyendo yako yonse, mnzanga, chifukwa ine ndikubwera kudzakuposa."